A Zorka Savala Zakuda Lero

"Choka pakhomopo, Danica."

Danica sanasunthe. Anatsamira chitseko cha chipinda cha zithunzi, manja ali kumbuyo. Mchimwene wake Nenad anali atavala kale suti, ndipo pambali pake panali azakhali awo a Ruža, mlongo wa malemu, atanyamula diresi ndi mpango zakuda. Bambo awo, a Branko, ankaikidwa m'manda masana omwewo kumudzi. Galimoto inkadikira panja pa nyumba yosungira okalambayo.

"Amayi sakupita," anatero Danica.

"Mkazi wamasiye osavala zakuda? Osaponya dothi m'manda a mwamuna wake?" a Ruža anagwedeza mpango uja. "Mudzi wonse utiseka, mwana iwe."

"Mudziwo unabwerako kangati kudzawaona?"

"Tamumvani pakamwapo! Ndiye chifukwa chake sukwatiwa."

"Dzana munawauza za imfayi, analira mpaka kukomoka. Dzulo anali ataiwala, inu n'kuwauzanso, analira ngati akumva koyamba. Lero mukufuna abambo amwalire kachitatu?"

Nenad anapukuta thukuta pakhosi. "Ine ndine woyamba kubadwa. Uwu ndi udindo wanga."

"Udindo wanu uli kumudzi m'bokosi, achimwene. Wanga uli muno."

Matenda oiwala anali atawalanda a Zorka, amayi awo, pafupifupi zonse, ngakhale mayina a ana awo. Chimene chinkawakhazika mtima pansi chinali chipinda chimenechi. Makina a kudenga ankawalitsa kanema pa makoma onse ndi pansi pomwe, moti munthu ankangoona ngati wakhala pakati pa nkhalango kapena m'mbali mwa mtsinje. Masana alionse a Branko ankabwera pa basi kudzakhala nawo m'menemo, kufikira tsiku limene mtima wawo unaima.

Chitseko chinakankhidwa pang'ono kuchokera mkati. Anali Gordana, namwino wosamalira a Zorka.

"Tsitsani mawu, ena akugona," anatero. Kenaka anazengereza, maso ali pa Danica. "Pali china chake. Mwezi watha a Branko anandisiyira kanema. Anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu. Anati ndidzawaonetse mayiwa iwo akadzasiya kubwera."

"Kanema wa chiyani?" anafunsa Nenad.

"Sindinamuonere. Ndinalumbira."

Danica anadabwa. Bambo ake, munthu woti foni ikalira ankaipatsira mnzake ngati khala la moto, anajambula kanema? Nanga ngati ankatsanzika m'menemo, amayi n'kuliranso? Koma ankawadziwa bambo ake. Anachoka pakhomo paja.

"Lowani. Zakudazo zitsale panja."

"Ine wandilamula?" a Ruža anadzuma.

"Inde, azakhali."

Nenad anayang'ana mlongo wake kwa kanthawi. Kenaka analanda diresi ndi mpango m'manja mwa azakhali ake, n'kuziika pa mpando wa m'khonde.

A Zorka anali atakhala pakati pa chipinda, atavala juzi yachikasu, akupotokola chala cha dzanja lina. Sanacheuke. Gordana anazimitsa magetsi.

Choyamba kuoneka pa khoma chinali mphuno yaikulu ndi ndevu zoyera, pafupi kwambiri.

"Chayaka ichi? Mdyerekezi wa makina!" mawu a Branko anadzaza chipinda chonse.

Nenad anaseka mosafuna. Mphuno ija inachoka, ndipo makoma anasanduka munda wa mapulamu wa kuseri kwa nyumba yawo, zipatso zimene a Branko ankatcherezera kachasu wawo wotchedwa rakiya. Nthambi zinali zitalemera. Udzu unayala pansi mpaka pamapazi a Zorka. Kwa nthawi ndithu munalibe munthu, koma mphepo ndi njuchi basi.

"Ndi zomwezi?" ananong'ona a Ruža.

Kutali, pakati pa mitengo, kunatulukira munthu. Ankayenda pang'onopang'ono, akuima kuti apume, atavala jekete la paukwati lomwe silinkamangikanso pamimba. Zikuoneka kuti anazungulira munda wonse dala, kuti aoneke ngati akuchokera kutali.

A Zorka anasiya kupotokola chala. Anawongola msana, n'kukonza tsitsi lawo ndi manja onse awiri.

"Mwachedwa, a Branko," anatero ndi mawu a mtsikana. "Abambo akationa atipha."

A Ruža anadzigwira pakamwa. Danica anamva dzanja la mchimwene wake likufunafuna lake mumdima.

"Tichedwa ku maliro," ananong'ona Nenad, koma mapazi ake sananyamuke.

"Adikira," anatero Danica. "Mwini malirowo ali pano."

Pa khoma paja a Branko sanatsanzike. Anavula chipewa n'kuwerama pang'ono. Kenaka anapita pa benchi ya pansi pa mtengo, n'kukhala kumapeto kwenikweni, akupumira m'mwamba. Anatulutsa kansalu m'thumba, napukuta bwinobwino mbali yotsalayo, mpaka m'mphepete. Atatha anaika manja pamaondo, nayang'ana kutsogolo, akudikira.