Dzino Lomata la Rukiya

Madokotala a mano atabwera ndi galimoto yawo pa Ngokwe, anthu ambiri amene anali pamzere anasankha kuzulitsa. Rukiya anakana. Anali atataya kale mano awiri, ndipo dzino lachibwano lobookali ndi limene ankatafunira chilichonse. Madokotalawo analiboola ndi kamakina kolira ngati udzudzu, nalimata. Madzulo ake galimoto ija inapita, ndipo iye anayenda m'mudzi monse akuyasamula kuti anzake aone.

Patatha masiku atatu mwezi unaoneka, anthu nayamba kusala kwa Ramazani. Dzino lija linayamba tsiku lomwelo. Rukiya akutawaza, kudziyeretsa ndi madzi kuti aswali, anachukucha madzi a mumtsuko, ndipo ululu unabaya ngati singano, kuchoka m'chibwano kukafika m'khutu. Anagwira khoma mpaka unatha. Kutawazako kunali kasanu pa tsiku.

Usana sakanameza panado chifukwa anali atasala. Ankapalira thonje atatseka pakamwa, akuyang'ana dzuwa ngati wina aliyense. Koma likalowa, anzake akuthamangira kufuturu, chakudya chomasulira kusala, iye ndiye mavuto ake ankayamba. Phala lotentha linkayayamiritsa dzino, madzi ozizira chimodzimodzi, ndipo akangoti alume mbatata, dzino lomatalo linkayamba kugunda lapamwamba ena onse asanakumane. Ankafika m'mawa ndi njala ya dzulo.

Sananene kwa aliyense. Akanayamba bwanji, iye amene anaseka anzake kuti akalamba ndi usinini wokhawokha? Ankapakula chakudya cha mwamuna wake, Sharifu, kenako n'kukakhala kukhitchini ngati akudyera komweko.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi Sharifu anamupeza akupatsa nkhuku futali wake.

"Mayi a Fadila, chakudya mukutayachi mwachiona chiyani?"

Rukiya anangoloza tsaya, misozi n'kutsika yokha.

Sharifu sanamudzudzule. Anati wodwala Mulungu anamuloleza kumasula n'kudzabweza masikuwo akachira. Rukiya anayankha kuti kumasula n'kwa munthu amene angathe kudya, nanga iye amasule kuti adye chiyani? Anagwirizana zopita kuchipatala chachikulu m'mawa mwake, koma mvula imene inayamba tsiku limenelo inagwa masiku anayi osakata. Mtsinje unadzaza n'kukokolola kamlatho ka panjira, moti ngakhale anyamata a njinga zamoto ankabwerera pomwepo.

Panali bambo wina pamsika amene ankazula mano ndi pulayala. Rukiya anafika mpaka pakhonde pake, namva kubuula kwa amene anali m'kati, n'kubwerera. Kunyumba anayamba kufunditsa madzi otawazira, ndipo phala ankalisiya lizizire n'kumamwera mbali imodzi, mutu atapendeketsa. Chitenje chinayamba kumuzungulira kawiri.

Madzi ataphwa anthu anayala mitengo pamtsinje paja, ndipo awiriwo anawoloka. Anafika kuchipatala dzuwa lili pamutu. Dokotala wake anali mayi wachitsikana. Anamulumitsa kapepala kabuluu, nayang'ana pamene kadetsa, n'kunena kuti chomatacho chinatalika pang'ono. Anachipala kanthawi kochepa kwambiri, mwina kosakwana kusenda chinangwa chimodzi. Rukiya ataluma, mano onse anakumana pamodzi. Anachita manyazi kuti masabata awiri onsewo anavutikira kanthu kotere.

"Ndiye kuti chatha, adokotala?"

"Iyayi mayi, chatha n'cha polumapo. Cha madzi ozizira chimatenga nthawi. Tidikire mwezi. Chikapitirira ndiye kuti mtsempha wam'kati wakhudzidwa, mudzabwerenso tidzaone chochita."

Sharifu anafunsa ngati sikungakhale bwino kungolizula lero lomwe, poti njira yawo ndi yosadalirika. Dokotala anati dzino ndi la mayiwo, anene okha. Rukiya anasisita pomatapo ndi lilime, n'kutsika pampando. Kunja mitambo inali itayambanso kuda chakumapiri.

"Tiyeni tizipita, bambo a Fadila," anatero. "Tikawoloke madzi asanabwere."