Kampiringidzo ka Kubafa

Make Kanyerere anali telala, ndipo shopu yake inali pabalaza pomwepo, pakati pa mipando ndi zidole. M'mawa umenewo zinthu zinamuthina. Diresi la mkwatibwi linali lisanasitidwe, mwiniwake akubwera teni koloko, ndiye Kanyerere, mwana wake wamkazi wa zaka zinayi, n'kukhuthulira pansi kachitini konse ka mabatani, ati akufuna awerenge. Mlongo wake wa miyezi khumi, amene m'nyumbamo ankangomutchula kuti Bwana, ankakwawa kulondola mabataniwo kuti alawe.

"Iwe! Ndikuuze kangati? Makutuwo ndi okongoletsa mutu?"

Mayiyo anakalipa mpaka galu wa aneba anayankhira. Anatolera mabatani, nayatsa simbi, n'kuthamangira kubafa kukatunga madzi owaza pansalu. Ali chiweramire pampopi, pakamwa pakulalatabe, anangomva chitseko kuti phaa, kenako kachitsulo kuti khwee.

Kampiringidzo kameneko anakhometsa yekha, kunja kwa chitseko, kuti Bwana asamakwawire ku ndowa ya madzi. Sanaganizepo kuti munthu wa zaka zinayi angakoke mpando n'kukafikira.

"Kanyerere, tsegula! Tsegula pompano usanaone zakuda!"

Chitseko sichinatseguke.

Bafalo linali laling'ono, loti ukatambasula manja ukhudza makoma awiri. Windo lake linali kabowo chabe, kam'mwamba, koyang'ana khoma la nyumba ina. Foni inali pa makina osokera. Bambo a ana anali kuntchito, aneba nawo anali atapita kalekale kosaka. Mayiyo anamenya chitseko ndi phewa kawiri konse, koma kalipentala amene anakhoma kampiringidzoko, ndi ulesi wake wonsewo, apa pokha anagwira ntchito yolimba.

Anagona chafufumimba n'kusuzumira kunsi kwa chitseko. Anaona miyendo ya tebulo, ndi chingwe cha simbi chikulendewera. Anaonanso maondo a Bwana, onenepa aja, akulunjika komweko. Simbi yamoto inali m'mphepete mwa tebulo, ndipo Bwana sanasiyepo chingwe osachikoka.

"Kanyerere! Mwana apsa! Tsegula, chitsiru iwe!"

Apa mpamene kamawu kanamveka, pafupi penipeni, kuseri kwa chitseko.

"Mukatonthola ndikutsegulirani."

Mawuwo anali a mayiyo. Ngakhale kanenedwe kake, kaja kotsitsa kumapeto, kanali kake. Masiku amene Kanyerere ankalira mosalekeza ntchito itachuluka, iye ankamulowetsa m'bafa momwemo, n'kukoka kampiringidzo, n'kunena zomwezo. Ankadziuza kuti ndi mphindi ziwiri zokha, kuti bola zimenezo kusiyana ndi kumumenya. Anali asanalowemo yekha kuti aone mdima wake chitseko chikatsekedwa. Manyazi anamugwira, koma nthawi yochita manyazi panalibe.

Kukhosi kunali kutadzaza mkuwo, ndipo kuubweza kunapweteka ngati kumeza piritsi popanda madzi.

"Ndatonthola, mwana wanga," anatero motsitsa.

"Simunatonthole. Mukupuma kwambiri."

Abale inu, wapolisi wake ameneyu! Mayiyo anatseka pakamwa n'kumapumira m'mphuno. Kunsi kwa chitseko anaona Bwana atakhala tsonga pansi pa tebulo, kadzanja kali m'mwamba, kakusakasaka chingwe. Akakuwanso, mtsikanayo athawira kunsi kwa bedi monga amachitira, ndipo zikatero basi, palibenso wotsegula.

"Kanyerere, amayi anga, ndikupemphe kanthu kamodzi. Usatsegule kaye. Tenga kachitini ka mabatani kaja, ukagwedeze kuti Bwana amve. Umuitane abwere kwa iwe."

"Munati ndisagwire mabatani."

"Ndinaterodi. Lero gwira. Usavundukule, ungogwedeza."

Timapazi tinachoka pachitseko. Kunadutsa kanthawi kamene mayiyo anakaona ngati chaka, kenako mabatani anayamba kulira m'kachitini, wayawaya, wayawaya. Bwana anatsitsa dzanja. Anazengereza, anayang'ananso chingwe, kenako anagwada n'kutembenukira kwa mlongo wake. Misozi inayamba kutsika, koma mayiyo sanailole kulowa m'mawu.

"Wachita bwino kwambiri. Tsopano ubwere naye kuno kuchitseko, pang'onopang'ono, ukugwedezabe."

Anabwera onse awiri, wina poyenda, wina pokwawa. Mabatani anasiya kulira.

"Amayi, mukatuluka mukalipa?"

Kunena zoona, mkwiyo unalipo, wosakanikirana ndi mantha.

"Ndakalipa kwambiri lero, ndipo iwe unachita mantha. Pepa. Ndikatuluka ndikazimitsa simbi, basi."

"Basi?"

"Basi."

Mpando unakwekwerezeka pansi. Kachitsulo kanakana, kanakananso, kenako kanalola. Mayiyo anadumpha Bwana, nazula pulagi kukhoma, n'kukankhira simbi pakati pa tebulo. Ananyamula khandalo n'kumaliyang'ana zala chimodzichimodzi, nkhope, mpaka kumapazi. Panalibe ndi kabala komwe. Anangokhala pansi pomwepo, mwana ali pachifuwa.

"Kanyerere, bwera kuno, mwana wanga."

Sanabwere. Mayiyo atacheuka anapeza mtsikanayo walowa yekha m'bafa, wakoka chitseko mpaka theka, waima pakona pafupi ndi ndowa. Manja anali kumbuyo, milomo ataifinya kuti kulira kusatuluke.

"Tsekani, Amayi," anatero. "Ine ndimatonthola msanga."