Foni ya M'chipinda Chotsekedwa

"Yayambanso," anatero Wendell, wosesa m'nyumba ya khonsolo, ataimika tsache lake pakhomo la ofesi. "Mukuimva, mayi Darlene?"

Darlene Ostrander, kalaliki wa khonsolo ya Brule Fork, anatchera khutu. Pansi pa nyumbayo pankamveka foni ikulira chapansipansi, osalekeza.

Chipinda chapansicho n'chomwe kale ankalandiriramo mafoni angozi. Koma aphungu a chigawo anakhazikitsa lamulo loti kamsonkho ka pa mafoni kasamapitenso kumakhonsolo ang'onoang'ono, kazipita kulikulu. Khonsolo inalephera kusunga antchito, chipinda chinatsekedwa, ndipo woimba 911 tsopano ankayankhidwa ndi anthu a mumzinda wakutali. Tinawomba m'manja kuti katundu wapepuka. Anthu a kuno kuwomba m'manja sitichedwa nako.

"Mawaya anadula kalekale," anatero Darlene.

"Nanga ikulira ndi chiyani? Kuyambira dzana, m'mawa, masana. Ine ndasiya kusesa kumeneko. Mwaiwala kuti malemu Gus, wolandira mafoni uja, anafera pampando momwemo?"

"Bambo wamkulu ngati inu kuopa foni! Akazi anu akamva akakusekani."

"Aseke, bola ndili moyo."

Darlene anatenga makiyi n'kutsika, Wendell akutsatira chapatali. M'chipindamo munali mozizira komanso munkanunkha fumbi. Mipando inali chadodolido pamatebulo, mawaya akulendewera pamene panali makina. Pakona, kuseri kwa katoni, foni yakale yotuwa inkalirabe.

Apa m'pamene Darlene anakumbukira. Imeneyi inali nambala yakalekale, ya nthawi yomwe 911 kunalibe. Okalamba a m'mafamu sanaisiye, ankati amafuna kuyankhidwa ndi munthu wodziwa khomo lawo. Potseka chipinda palibe anafunsa za iyo. Paja safunsa anadya phula.

Ananyamula foniyo. Anamva munthu akupuma movutikira, ndi wotchi ikugunda chapatali.

"Gus?" anatero mawu osasa. "Ndiwe Gus?"

"Ayi, ndine Darlene wa kukhonsolo. Ndani mnzanga?"

"Orval Lindqvist. Mwachedwatu kuyankha, mwanawe."

Darlene ankamudziwa Orval ameneyu. Anali nkhalamba yosaona, yosathanso kudzuka pabedi, yokhala pafamu yomaliza kumapeto kwa msewu. Amene ankawasamalira anali akazi awo okha, a Maxine.

"Chavuta n'chiyani, bambo?"

"Maxine anagwa kukhitchini. Ndinamva kugwa kwake. Anakuwa kuti ndidine batani lalikulu, lomwe anandiikira nambala yanu. Ndakhala ndikudina."

"Agwa liti?"

"Ine dzuwa sindiliona, mwanawe. Poyamba ndikamuitana ankavomera. Kenako anangosiya." Anapuma kaye. "Musathamange, msewu ukuterera. Kungoti ndili ndi ludzu."

Darlene anamva chisoni chosakanikira ndi manyazi. Anatseka foni ndi chikhatho n'kutembenukira kwa Wendell.

"Kwerani, imbani 911. Muwauze bwinobwino njira, kumeneko sakudziwako."

Wendell sanasunthe.

"Dzana ndinaima pakhomo pomwepa ikulira," ananong'ona. "Kiyi ndinali nayo m'thumba."

"Thamangani, bambo!"

Mapazi ake anamveka akukwera masitepe. Darlene anatsitsa mpando wa Gus patebulo, anaupukuta ndi mkono wa juzi, n'kukhalapo.

"Mulipo?" anafunsa Orval.

"Ndilipo, bambo. Akubwera. Musadule."

"Sindidula. Taimani ndimuuze." Foni inakhudza chofunda, ndipo Darlene anamva nkhalambayo ikukweza mawu m'nyumba ya zii.

"Maxine! Ayankha!"