Ndalakwa Ine????

Achemwali anga anafika kwanga Lachiwiri ndi chikwama chachikulu, nkhope ili ndwii. Anali atayambana ndi alamu, makaniko wouma mutu amene chibadwire sanatchulepo mawu akuti pepani. Ine sindinalowerere. Ndinawapatsa bedi langa n'kumagona pampando, msana ukudandaula.

Ntchito yanga ndi yopanga mawebusaiti. Mwezi womwewo ndinali nditapangira mayi wina wogulitsa maluwa tsamba loti munthu azisankha maluwa pa foni, alembe uthenga, uthengawo usindikizidwe pa kakhadi. Ndiye alamu atandiimbira mobisa kufunsa nzeru, ndinawalozera komweko. Ndinkafuna banjalo lipulumuke, koma kunena zoona ndinkafunanso bedi langa.

Maluwa anabwera Loweruka m'mawa. Achemwali anawanunkhiza, kumwetulira kunayamba ndithu. Kenako anawerenga khadi.

"Taona mwano uwu," anatero akundiponyera.

Panalembedwa kuti: "Ndalakwa ine????"

"Akufunsa ndani? Chizindikiro chimodzi chawachepera, mpaka zinayi. Kumene kuja sindibwererako."

Zizindikiro zinayi zondondozana chonchi ndimazidziwa, ndipo kawirikawiri sazilemba ndi munthu. Ndinaimbira alamu kuti abwere msanga, ine n'kutsegula laputopu patebulo lodyera.

Ndinayamba kudzitumizira mauthenga kudzera pa tsamba la maluwa lija. Mawu wamba anadutsa. Chilembo cha ŵ chija chokhala ndi kadenga, chimene chimavuta m'makina ambiri, chinadutsanso bwinobwino. Nditaika kankhope koseka ka pa foni, khadi inatuluka ndi mafunso anayi. Ndinakalondola njira yonse: pa tsamba kanali kakuseka, pochoka pa foni kanali kakuseka, koma m'databesi, mosungira mauthenga, ndi mmene kanafera.

Alamu analowa ali mu ovolosi ya girizi, n'kuima pafupi ndi chitseko ngati mlendo. Achemwali anayang'ana kuzenera.

"Achemwali, mafunso aja si awo," ndinatero. "Chilembo chilichonse chimafuna malo m'databesi. Yangayi imapereka malo atatu okha, pamene tizithunzi tambiri timafuna anayi. Kachithunzi kakakanika kulowa, makina amaika funso pamalo aliwonse. Alamu anaika kachithunzi."

"Kachithunzi kanji? Tabweza tikaone."

"Madzi akatayika saoleka. Kanafufutika polowa pomwe."

"Unali mtima," alamu anayankha mofulumira. "Mtima wofiira uja."

Ndinasangalala kuti nkhani yatha. Kuti achemwali adzionere okha, ndinalemba uthenga womwewo, n'kuika mtima wofiira, n'kutumiza. Tonse atatu tinaweramira pa laputopu. Mtima unatuluka wathunthu, wofiira psuu, popanda funso ngakhale limodzi. Ndinali nditaiwala kuti kamtima kameneko n'kakale, kamakwana m'malo atatu.

"Ehe," anatero achemwali pang'onopang'ono. "Makina akuti mukunama."

Ndinalakalaka pansi patang'ambika. Ndinabisala m'ntchito: ndinakulitsa malo a mauthenga m'databesi, n'kuyesa, mafunso ali pomwepo. Ndinatukwana chamumtima. Kenako ndinakumbukira kuti njira yolumikiza tsamba ndi databesi nayonso inali pa muyezo wakale. Nditaisintha, kankhope koseka kanafika kali ndi mano ake onse.

"Zatheka tsopano. Alamu, tumizaninso zomwe munatumiza zija."

Alamu anatulutsa foni, n'kuibwezanso m'thumba. Anakanda m'mutu. Munthu amene amakalipira injini mpaka kulira, thukuta linali kamukamu.

"Mlamu, tatulukako kaye."

"Asatuluke," anatero achemwali. "Ndi mboni."

Alamu anapumira m'mwamba, n'kudinadina ndi chala chawo chonenepacho. Uthenga unafika pa laputopu. Pambuyo pa mawu aja panali kamunthu kogwada. Ndinadziluma mlomo kuti ndisaseke, komanso ndinawamvera chisoni kwambiri, chifukwa ndinadziwa kuti kwa iwo kutumiza kamunthu kameneko kunali kukwera phiri.

Achemwali anakayang'anitsitsa nthawi yaitali.

"N'kakang'ono, sindikukaona bwino. Komanso makina a mwanayu ine sindiwakhulupiriranso. Bambo a ana, tandionetsani nokha, kakupanga bwanji?"

Alamu anandiyang'ana ngati ndingawapulumutse. Ine ndinali kalikiliki kupukuta laputopu yopanda fumbi. Ndinangomva mawondo akulira, limodzi kenako linzake, ndipo chimunthu chonse chija chinali pansi, pakati pa tebulo ndi firiji, chipewa chili m'manja.

Achemwali anayesa kuumitsa nkhope koma zinakanika. Anaseka mpaka misozi, ndipo ina mwa misoziyo sinali ya kuseka.

"Dzukani, mukupaka girizi pansi pa mwiniwake," anatero akudzipukuta m'maso. "Galimoto mwaimika pati?"