Chitseko Choyang'ana ku Khola

Emma anawamangira mayi ake chipinda cha njerwa ku Fort Jameson, chamalata, pansi pa simenti, bedi logula kwa Amwenye. Koma mayiwo, amene mutu unali utasokonekera ndi ukalamba, ankangolira. M'mawa uliwonse ankamanga kamtolo kawo n'kuuyamba ulendo wa kumudzi kwawo ku Mtenguleni, ati ng'ombe sizinatsegulidwe.

Ndiye kunabwera Ketilina, mkazi wa mlongo wake wa Emma, munthu wosatha ngakhale kulemba dzina lake, n'kuwatenga kupita nawo kumudzi.

Emma anadikira mwezi wathunthu kuti amve zoti mlamu wakeyo zamukanika. Kunali zii. Mpaka anakwera basi kukadzionera yekha.

Anapeza kanyumba kaudzu, pansi pozira ndi ndowe, chitseko chitayang'ana ku khola monga inalili nyumba yawo yakale. Mayiwo anali phee pakhonde, akusenda mtedza m'lichero long'ambika lija Emma analikaniza kulowa m'nyumba mwake. Ankaimbanso chapansipansi. Kwa Emma sanaimbepo ngakhale tsiku limodzi.

"Mukuwagoneka pa ndowe, alamu?" anatero Emma, mtima ukuwawa.

"Fungo limenelo ndi limene akulikumbukira," anayankha Ketilina. "Akalimva sathawa."

Emma anagwada n'kupereka bulangete latsopano. Mayi ake analilandira ndi manja awiri, mwaulemu wonse, kenako anatembenukira kwa Ketilina.

"Emma mwana wanga," anatero, "alendowa achokera kutali. Apatse mpando."