Tsiku Limene Che Nasiru Anamangirira Bwato ku Njedza

Inu amene mukuwerenganu, tandiuzani: ndi chiyani chili ndi mizu koma sichigona pamene chinagona dzulo? Mwalephera? Dikirani, Che Nasiru akuphunzitsani.

Yasmin amagulitsa tiyi pa depoti ya Balaka, pamene makondakitala amakuwa kuyambira mbandakucha mpaka makutu kuchita kulira okha. Chaka chonse ankalakalaka chinthu chimodzi: tsiku limodzi lopanda phokoso, pa kachilumba ka pa nyanja ya Chilwa kumene malemu bambo ake ankapita naye ali mwana. Kulibe nyumba kumeneko, kulibe netiweki. Kuli miyala, mitengo ndi mbalame basi.

Vuto linali lakuti mwamuna wake Che Nasiru anati apita nawo. Munthuyu pakamwa pake ndi wailesi yothyoka kotsekera.

“Nyanja ine ndimaidziwa ngati thumba la buluku langa,” anatero ali pa doko kwa Mposa. Chonsecho madzi amene ankawadziwa ndi a mu bafa. Bwato anabwereka kwa msodzi wina, Che Jimu, koma anakana kuti mwini wake awaperekeze. Njira yonse amene ankakankha bwato ndi nsungwi anali Yasmin, bambowo akulongosola m'mene amakankhira akatswiri.

Atafika, Yasmin analoza mtengo wa pamtunda.

“Bambo a Zaina, mangirirani apo.”

“Iyayi, mayi. Ife odziwa timamanga ku njedza.”

Anamanga chingwe ku chitsamba cha njedza, udzu wautali wa m'madzi uja, mfundo zitatu. Kenako anaona ng'anzi ikuwothera dzuwa pa mwala, miyendo yawo n'kukana kutsika.

“Inu pitani. Ine ndilondera bwatoli, akuba achuluka masiku ano.”

Yasmin anayang'ana chilumba chopanda ngakhale mbuzi. Anatenga nsungwi ija yopirikitsira ng'anzi, nakwera pa thanthwe. Koma mawu ankamupezabe: za ng'ona imene Che Nasiru anaimenya khofi, za namondwe amene anamukalipira mpaka analeka.

Mphepo itayamba, mawu aja anayamba kuchepa. Yasmin anasuzumira. Njedza zija zinali zoyandama, zimene zimapita kumene mphepo yafuna, ndipo zinali pa ulendo, bwato pambuyo, mwamuna wake ali chagada chipewa kumaso, akusimbira mitambo.

Akuwe? Anaona asodzi chapatali, anakumbukiranso kuti mbali imeneyo madzi ndi osaya. Anatsegula fulasiki.

Ha, bata lake. Anamva nkhwazi ikulira, akakowa akutera, ngakhale tiyi akutsika kukhosi kwake anamumva. Anagona pa thanthwe lofunda mpaka dzuwa linapendeka.

Che Jimu ndi anzake ataona kuti bwato silikubwerera, anabwera kudzamutenga Yasmin, kenako onse anakapeza Che Nasiru atakumbatira bwato, mawu atasasa.

“Ndikumira, abale. Pano m'pakuya, palibe pansi.”

Che Jimu anatsika m'bwato mwake mwakachetechete naimirira. Madzi analekeza m'chiuno.

“Che Nasiru, kodi thumba la buluku lija ndi lobooka?”

Asodzi anaseka mpaka wina anagwetsa dengu la matemba. Yasmin anabisa nkhope mu mpango, mapewa akugwedezeka.

“Musawaseke,” anatero. “Akuba sanalibe bwatoli. Alilondera mpaka pakati pa nyanja.”

Pobwerera Che Nasiru sanatsegule pakamwa mpaka ku Liwonde. Yasmin anapempha tsiku limodzi la bata, anapatsidwa ndi basela yomwe.