Nkhuku ya M'masamba a Nthochi

Ba Justina, mchemwali wake wa malemu mwamuna wanga Dixon, ndiwo adandiipitsira dzina. Adaimirira pamsonkhano wa amayi a mpingo wathu kuno ku Ng'ombe n'kunena kuti ine Tiyanjane ndimaphikira mizimu. Chifukwa cha pakamwa pawopo, inu amayi mwandichotsa pa ophika za ukwati wa mwana wanga Taonga. Mwana wobala ndekha!

Imvani tsono za ine.

Dixon atamwalira ndidapeza ntchito ku Kalundu, kunyumba ya banja lochokera ku Bali, chilumba cha ku Indonesia. Ndinkapita wapansi. Mayi wa pakhomopo, Ba Ketut, adandipeza tsiku lina ndikuthira anyezi ndi tomato m'mafuta monga timachitira. Adandigwira dzanja.

“Ayi, Tiya. Choyamba mwala.”

Adanditulutsira kamphero kakuda kamene adabwera nako kuchokera kwao. Adyo, jinja, tameriki, tsabola, zonse kupera pamwalapo mpaka zisanduke phala. Makina ogayira analipo, koma sankafuna kuwamva. Ndikatopa ankanunkhiza, n'kupukusa mutu.

“Sizinadzuke. Pera.”

Manja anga adasanduka achikasu ndi tamerikiyo, m'njira anthu n'kumandiyang'ana. Koma ndidaphunzira. Kusakaniza phalalo ndi nkhuku yoduladula ndi kokonati, kuwamba tsamba la nthochi pamoto kuti lisang'ambike, kukulunga, kubaya kamtengo, kuphika ndi nthunzi. Iwo amati tumu. Tsiku lina bambo wa pakhomopo adadya, n'kuyamika mkazi wawo. Ba Ketut adaseka mpaka misozi, n'kuloza ine.

Sindibisa: Ba Ketut akatha kuphika amaika timpunga patimasamba, n'kusiya pakhomo ndi pachitofu. N'chipembedzo chawo. Ine ndidawauza poyera kuti ndine Mkhristu. Adati, “Izi n'zanga, Tiya. Zako ndi mphika.” Nkhani idathera pomwepo.

Chimene Ba Justina adaona n'chiyani? Adandipeza pakhomo panga ndikuwamba masamba a nthochi pambaula. Basi! Sadafunse. Adangoti, “Mulamu, ivi ni vichani?” Ndisanatsegule pakamwa anali atafika kale kumpopi, akufalitsa.

Ine sindine wolira kuchipinda. Lamulungu lapitali mudandiona nokha. Ndidasenza mbaula, nkhuku, masamba ndi mwala wobwereka kwa Ba Ketut, n'kukhala pabwalo la tchalitchi mapemphero atatha. Ndidapera pamaso panu. Ndidakulunga pamaso panu. Ndidapempherera chakudyacho mokweza, m'dzina la Yesu, kuti ndi ogontha omwe amve.

Palibe adasendera. Fungo lokha linkayenda.

Kenaka Ba Hosea, mkulu wa mpingo, adabwera ndi ndodo yawo.

“Ba Tiya, mizimu yanu imadya bwino chonchi?”

“Lawani, atate. Mukagwa ndikunyamulani ndekha.”

Adamasula tsamba, adadya, adatuluka thukuta pamphuno. Adatambasulanso dzanja.

“Iyi inali yoyesa. Tsopano ndipatseni yodya.”

Anthu adaseka, mphika udatha. Ena a inu mudanyambita ndi masamba omwe, ndidakuonani, sinditchula maina. Ba Justina adaima patali atapinda manja, akuti m'mimba simuli bwino.

Koma pa za ukwati mudangoti, “Tikambirana.” Mukambirana chiyani? Taonga akundifunsa tsiku ndi tsiku ngati akuchimuna adzalawe za manja a mayi ake. Ine ndalera mwanayo ndekha, ndaphunzira zimene palibe wina muno mu Ng'ombe azidziwa, ndipo sindichita nazo manyazi.

Ukwati ndi Loweruka likubwerali. Masamba ndadula kale. Ndiyankheni, amayi, aliyense ndi pakamwa pake, osatuma munthu: ndiphika paukwati wa mwana wanga kapena ayi?